Makina a pa Mwendo wa Alamu

9 Malichi

Amake ana,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko inu, ana ndi apongozi anga? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa ka fumbi la simenti kaja sikanandisiyebe.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole aja pamodzi ndi nsapato za wachisamba ndi sopo. Muwerenge muli nokha. Tsiku lija pafoni munandifunsa kuti bwanji achimwene anu sakumveka, ine n'kuyankha kuti atanganidwa. Ndinatero chifukwa ndimamva apongozi akutsokomola pambali panu.

Alamu avulala. Musayambe kulira, ali moyo, akudya, ndipo akundinyoza monga mwa masiku onse. Amawotcherera zitsulo pansi pa nyumba yosanja imene tikumangayi, ndiye chitsulo china chimene chimakwezedwa m'mwamba chinapulumuka n'kuwamenya pamsongolo wa mwendo wamanzere. Ine ndinali kuseri ndikusakaniza simenti, ndinangomva anthu akukuwa. Fupa linathyoka, madokotala alilumikiza ndi kachitsulo. Eni ake akuti, "Zaka zonsezi ndakhala ndikuwotcherera zitsulo za anthu, lero andiwotcherera ine."

Chovuta ndi bala. Mnofu wina unafa ndiye anaudula, patsala dzenje loti chibakera cha kamzime kathu chingalowemo. Pabalapo aikapo makina. Anadula siponji yakuda molingana ndi dzenjelo n'kuiika m'kati, pamwamba n'kumata pulasitiki yoonekera kuti mpweya usalowe. Kuchokera pamenepo pali kapaipi kopita ku kamakina kukula ngati wayilesi ya m'manja. Kamakinako kamakoka madzi oipa a m'bala n'kumawathira m'kabotolo kake. Atangoyatsa ndinaona siponji ija ikukwinyika, alamu n'kuluma mano. Anamwino akuti kukokako kumathandiza kuti mnofu watsopano umere msanga.

Akazi awo awauza okha. Apongozi muwauze kuti mwana wawo wapweteka mwendo pang'ono, basi. Mtima wawo uja mukuudziwa.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, kaya wina abwere ndi mawu okoma bwanji. Denga la khitchini liyambe ladikira, mwezi uno ndalama zikhala zochepa.

Ndine,
Bambo a ana anu

27 Malichi

Amake ana,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti nsapato zamukwana wachisamba, ngakhale mukuti akuzivula akafika pamatope n'kuzinyamula m'manja. Ameneyo watengera amalume ake. Ife kuno tadzuka.

Alamu atuluka m'chipatala, tili tonse kuchipinda chathu chija. Bedi ndawasiyira, ine ndayala matiresi pafupi ndi chitseko. Makina tabwera nawo, achipatala atibwereka. Ali ndi kachikwama kolendewera paphewa, moti alamu akamapita kuchimbudzi cha panja ndi ndodo zawo amaoneka ngati kondakitala wa basi. M'chipindamo muli soketi imodzi yokha, ndiye ketulo ndi foni zimadikira makina akhute kaye magetsi. Alamu awapatsa dzina loti mkazi wamng'ono. Akuti, "Mlamu, mitala ndaiona. Amandiyamwa usana ndi usiku, ndikangotembenuka pang'ono wayamba kulira." Amaliradi, pulasitiki ikamatuka penapake mpweya n'kulowa. Zimenezi musakauze akazi awo, mwina sangaseke.

Kukasintha siponji timapita kukiliniki katatu pa sabata. Anamwino amene amatithandiza ndi mayi wachikulire, wamagalasi, sachedwa ndi nthabwala. Amatenga kalula ka pepala n'kuyeza balalo m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake. Dzulo anandiitana kuti ndione. M'kati mwafiira ngati vwende lakupsa, ndipo dzenje lachepa. Anati mtundu umenewo ndiwo timaufuna.

Alamu anafunsa kuti, "Nanga muchotsa liti?"

Iwo anati, "Bala lenilenilo ndilo lidzatiuze. Mnofu wofiirawu ukadzafika pakamwa pa dzenje, makina adzakhala amaliza ntchito yawo, tidzamanga bandeji wamba. Koma tikaona kuti masabata akupita kalula kakunena zomwezomwezo, timachotsanso, chifukwa ndiye kuti pansipo pali china chimene makina sangachithe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndipo inu ogona nawo, mukadzaona magazi enieni ofiira akuthamanga m'kapaipimu, musadzafunse munthu. Zimitsani, siponji musaizule, kanikizani pabalapo ndi nsalu, bwerani nawo."

Tsiku lomwelo mkulu wina, mlonda wa pasitolo, anamuchotsa ake. Bala lake la paphazi linadzaza. Anatuluka akugwira chanza aliyense pabenchi, alamu n'kumuuza kuti, "Pitani bwino, ine ndili pambuyo panu."

China, awapeza ndi shuga m'magazi. Eni ake samadziwa. Tiyi akumwa wopanda shuga tsopano, ndiye mkangano wake ndi wa m'mawa uliwonse. Akapitao anabwera kudzazonda, akuti malo awo awasungira mpaka kutha kwa Meyi.

Kuno mafuta ophikira akwera, mazira ndiye osanena. Zimene ndatumizazo muyambe mwalipira kusukulu.

Ndine,
Bambo a ana anu

19 Epulo

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Chimfine cha kamzime chija chatha? Muzimuveka juzi m'mawa. Ine ndilipo.

Mwafunsa kuti alamu ayamba liti kuyenda. Sindikudziwa ndikuyankheni bwanji. Kudya akudya, koma osati ngati kale.

Kalula kaja kaima. Ulendo uno, ulendo watha, ndi wina uja, anamwino akupeza zofanana. Kufiira kuja kwazilala, pakona imodzi payamba kuoneka motuwa, ndipo madzi a m'kabotolo asanduka okhuthala. Akamatula pulasitiki pamatuluka kafungo. Ine ndimayang'ana kuzenera kuti alamu asaone nkhope yanga.

Lachitatu anamwino anaitana adokotala. Adokotalawo analowetsa kachitsulo kakang'ono pakona yotuwayo, ndipo ngakhale ine ndinamva kakugunda chinthu cholimba. Anati, "Bambo, apa ndafika pafupa. Ndikuganiza kuti matenda alowa m'fupamo. Makinawa sakukuthandizaninso, akungophimba. Tiwachotse, tikujambuleni, kenako mulowe kufiyeta, kochitira opaleshoni, tikatsegule tione."

Alamu anafunsa, "Mukatsegula mukapeza chiyani?"

"Tikadziwa tikatsegula."

"Mwendo ndikatuluka nawo?"

Adokotala anati cholinga chawo n'chimenecho, koma sangalonjeze asanaone.

Achimwene anu mumawadziwa, munthu amene sanapemphepo kanthu kwa wina aliyense. Tsiku limenelo ndinawaona akupempha. Anagwira kachikwama ka makina ndi manja awiri n'kumati, "Adokotala, poyamba paja zimagwira, nonse munaona. Mwina ndi shugayu. Ndasiya zonse zotsekemera, afunseni alamu angawa. Ndipatseni sabata imodzi yokha." Anakambirana nthawi yaitali. Pomaliza adokotala anati sangakakamize munthu wamkulu kulowa kufiyeta. Anawapatsa mapiritsi n'kunena kuti sabata imodziyo ikatha makina achoka, kaya afune kaya asafune. Anamwino anamata siponji yatsopano.

Pobwerera m'basi alamu anati, "Anthu awa mpeni amaukonda. Mlonda uja anamupatsa nthawi, bwanji ine?" Ndinati mlonda uja bala lake limachepa. Anati, "Mlamu, inu ndi wa simenti. Za udokotala mwayamba liti?" Anaseka, inenso ndinaseka.

Kuntchito akapitao ayamba kuyang'ana wotchi ndikafika mochedwa kuchokera kukiliniki.

Apongozi musawauze izi. Chimanga mukakolola musasunge m'chipinda chodontha chija.

Ndine,
Bambo a ana anu

2 Meyi

Amake ana,

Moni. Ine ndili bwino. Ndilemba mwachidule, adalaivala akunyamuka masana ano.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Muwaimbire achimwene anu, mulankhule nawo inuyo. Mwina mawu a mlongo wawo angalowe, anga akungogunda khoma.

Sabata ija inatha, kukiliniki sanapite. Anamwino aimba kangapo, foni amangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Siponji imene ili m'balamo ndi ya tsiku lija la adokotala, pamene imayenera kusinthidwa pakangopita masiku awiri kapena atatu. Pulasitiki ikamatuka akumata okha ndi tepi yakuda ya amagetsi. Kabotolo kakadzaza akukhuthula okha m'chimbudzi n'kukabwezera. Mayi wa chipinda choyandikana nafe wayamba kutseka zenera lake, ndipo dzulo anandifunsa pampopi ngati kwathu kwafera khoswe.

Thupi likutentha madzulo. Iwo akuti ndi malungo wamba.

Ndinawauza kuti, "Alamu, tiyeni. Ndikuberekani pamsana ngati kuli kofunika." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kuno anakubweretsani ndani? Ntchito anakupezerani ndani? Tsiku limene mumadzapempha mlongo wanga mutavala jekete yobwereka, anakuyankhulirani ndani? Lero mukufuna mundiperekeze kokadulidwa?" Zonse ananenazo n'zoona.

Kenako anafewa. Anati, "Mvetserani. Akulira bwinobwino, akukoka. Malinga akukoka, mwendo ulipo. Meyi akatha ndilibe ntchito, ndipo wowotcherera wa mwendo umodzi munamuona kuti akukwera makwerero? Ana anga adya chiyani? Amayi?"

Ndinapita ndekha kukiliniki pa nthawi ya chakudya chamasana. Anamwino anati iwo sangabwere kudzamanga munthu ndi chingwe, koma tsiku lililonse limene siponji ija ikukhalamo likuwadyera mwendo. Pali mwambi wa zengerezu uja. Unabwera pakamwa panga nditafika kuchipinda, ndinaumeza.

Aimbireni, chonde. Musanene kuti ndakuuzani zonsezi.

Bambo a ana anu

14 Meyi

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikulemba ndili pabenchi ya m'khonde la chipatala, ndiye mukhululuke zilembo. Pafoni ndinangokuuzani kuti alamu agonekedwanso. Nayi nkhani yake.

Zikomo kuti munawaimbira. Atamaliza kulankhula nanu anati apita kukiliniki Lolemba. Lolembalo sitinalifike.

Lamulungu m'mawa ndinali pampopi ndikuchapa maovolosi. Ndinamva makina akulira, ndinati ndi tepi ija yamatukanso. Nditalowa ndinapeza alamu atakhala pabedi akuyang'ana mwendo wawo. Kapaipi konse kanali kofiira, osati kufiira kwa madzi a nyama kumene tinazolowera, koma magazi enieni, akuyenda ndikuwaona. Kabotolo kamene anakhuthula m'mawa womwewo kanali katadutsa theka.

Ndinagwada kuti ndizimitse. Anandigwira pamkono. Munthu wodwala, koma dzanja lija ndi la zitsulo.

Anati, "Musakhudze. Akuchotsa zoipa."

Ndinati, "Alamu, awa ndi magazi anu."

"Asiya okha. Mlamu, mukazimitsa mwandidula mwendo ndinu. Mwamva? Ndinu."

Ndinawayang'ana kumaso. Milomo inali itayamba kutuwa. Ndinatambasula dzanja linalo n'kudina batani. M'chipinda muja munakhala zii, kachiyambire mwezi wa Malichi tinali tisanamvepo bata lotero. Alamu anandisiya mkono n'kugona chagada.

Ndinapinda kapaipi n'kukamanga ndi lamba wa nsapato, ndinatenga thaulo n'kukanikiza pabalapo ndi mphamvu zanga zonse, uku ndikukuwa. Mayi wa zenera uja ndiye anathamanga kukadzutsa a Dazi, aja oyendetsa takisi a m'bwalo lathu. Anabwera ndi kabudula wogonera. Tinawanyamula atatu. Njira yonse ndinagwada pansi m'galimotomo manja ali pathaulo, a Dazi akuliza hutala.

Kufiyeta anakhalako nthawi yaitali. Adokotala atatuluka anati matenda anadya fupa mpaka kufika pamtsempha wa magazi, mtsemphawo n'kuboola. Aumanga, awaika magazi ena, achotsa siponji ija zidutswazidutswa chifukwa inali itamerera mumnofu. Ndinafunsa za mwendo. Anati tiyambe taona ngati phazi lifunde. Dzulo ndinaligwira. Ndi lozizira, zala zayamba kuda.

Atsitsimuka. Ndikalowa amatseka maso.

Apongozi tsopano muyambe kuwakonzekeretsa pang'onopang'ono. Muitane azakhali akhale pafupi. Thaulo lija linali limene munandigulira pobwera, ndalitaya.

Ndine,
Bambo a ana anu

26 Meyi

Amake ana,

Kaya muli bwanji? Ana ali bwanji? Adalaivala abwera chimanjamanja, akuti simunawapatse kalata. Foni yanunso ikungoitana. Mwina ndi magetsi. Ine thupi lili bwino.

Zimene zinachitika munamva kwa akazi awo. Adula m'munsi mwa bondo. Adokotala akuti bondo alisiya, ndipo zimenezo zidzathandiza podzavala mwendo wochita kupanga. Thupi lasiya kutentha, fungo lija latha, ayambanso kudya. Ndimapita tsiku lililonse ndikaweruka, ndimawatengera zipatso ndi zovala zochapa. Amalandira kudzera kwa wodwala wa bedi loyandikana nalo. Ine ndikakhala pampando amayang'ana kukhoma mpaka belu lotulutsa alendo lilire. Anzathu a kuntchito atabwera kudzazonda anawafunsa kuti zinatani, iwo anati, "Afunseni amene anazimitsa."

Adalaivala andiuzanso zimene zikukambidwa kumeneko. Akuti ena akunena kuti ndimafuna malo awo a ntchito. Ine wosadziwa ngakhale kugwira ndodo yowotcherera! Malowo apatsa kale munthu wina, sanadikire n'komwe kuti mwezi uthe. Akutinso akazi awo sakulowanso pakhomo pathu. Zimenezo ndingapirire. Koma inu, amake ana, mukuti bwanji? Ndi achimwene anu, ndikudziwa, ndi amene anakulerani bambo atamwalira. Ngati mumtima mwanu muli funso, ndifunseni ine, musalisunge.

Makina ndinakabweza kukiliniki. Ndinawafunsa anamwino aja kuti, "Amayi, ndiuzeni zoona. Ndikanapanda kuzimitsa, mwendo ukanakhalapo?"

Anati, "Mukanapanda kuzimitsa mukanatumiza bokosi kwanu, miyendo yonse iwiri ili momwemo."

Ndinafunsanso, "Nanga tikanachotsa mu Epulo muja, mmene ananenera adokotala?"

Anavula magalasi n'kumawapukuta. Anati, "Mwina. Sindinganame kuti ndikudziwa. Mwina."

Yankho loyambalo ndi limene ndingauze anthu. Lachiwirilo ndi limene ndimayenda nalo. Ndinali nawo m'chipinda chimodzi, fungo ndimalimva, tepi ija nthawi zina ndimawagwirira ndine pomata. Ndikanaitana anyamata a kuntchito tikanawanyamula mokakamiza, akanandida, koma mwina akanandida ataima ndi miyendo iwiri. Ndinaopa ulemu.

Anamwinowo anapukuta makinawo ndi mankhwala, anakulunga waya wake n'kuwaika pashelefu. Akuti pali mayi wina wa bala la opaleshoni amene akuwadikira.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, masiku amene ndinajomba andidula. Theka mupatse akazi awo. Akakana musiye pakhomo pawo mubwerere.

Ndiyankheni.

Bambo a ana anu

15 Juni

Amake ana,

Moni wambiri kwa inu, ana ndi apongozi anga. Kalata yanu ndalandira. Ndi yaifupi, koma ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. Mwati simunadziwe cholemba. Ndamva. Mwatinso apongozi anagwa pansi atauzidwa, koma tsopano adzuka ndipo akufunsa tsiku lobwera mwana wawo. Muwauze kuti ndi kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ulusi wosokera pamwendo achotsa, chilonda chauma bwino. Akampani awalipirira tikiti ya basi, ndipo pepala la chipukuta misozi lili m'njira, ngakhale akuti zimenezo zimatenga nthawi. Ine sindibwera nawo, akapitao andiuza poyera kuti ndikachoka ndisabwererenso. Adalaivala avomera kuwalandira podikira basi n'kuwafikitsa pakhomo.

Mukonze izi asanafike. Sitepe ya pakhomo pawo ija ndi yaitali, mupeze womanga aigawe pawiri. Kuchimbudzi mukhome mtengo wolimba m'mbali woti azigwira. Bedi lawo mulisunthire pafupi ndi chitseko. Ana muwauze kale kuti asadzathawe kapena kuyang'anitsitsa, makamaka kamzime ndi pakamwa pake paja. Tiyi wawo musamaike shuga, ngakhale akalipe. Ndipo anthu akadzabwera kudzazonda, alamu akadzanena kuti ndinawadula mwendo ndine, musadzatsutsane nawo pagulu. Asiyeni. Munthu ayenera kukhala ndi poika mkwiyo wake, ndipo kuli bwino auike pa ine amene ndili kutali kusiyana n'kuti adziikire okha.

Atuluka m'chipatala, tilinso awiri m'chipinda muja. Masiku onsewa timakhala ngati anthu okumana pasiteji ya basi. Ndimaphika, ndimaika mbale pampando, amadya, ndimachotsa. Akafuna kanthu amaloza ndi ndodo.

Dzulo Loweruka ndinaweruka masana. Ndinawapeza atagona, nkhope itakwinyika, akugudubuzika pabedi. Ndinaganiza kuti chilonda chatseguka. Ndinafunsa kuti ndiitane a Dazi? Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamatiresi anga ndikuvula majombo.

Kenako ndinamva, "Mlamu."

Ndinati, "Wawa."

"Phazi likundiyabwa."

Ndinadzuka n'kugwira phazi lamanja. Anati, "Osati limenelo. Linalo. Pansi pa chala chachikulu. Kuyambira m'mawa, ndipenga nalo."

Anamwino anali atandiuza kuti zimachitika, munthu amamvabe chiwalo chimene palibe. Ndinayang'ana bulangeti. Kuchokera pabondo kutsika linali lathyathyathya. Ndinaima ngati chitsiru.

Anati, "Mukudikira chiyani? Kandani."

Ndinagwada kumiyendo kwa bedi, ndinayerekeza pamene phazi likanafika, n'kuyamba kukanda bulangeti. Iwo anadzutsa mutu akuyang'ana dzanja langa.

"M'munsi pang'ono. Ayi, kumanzere. Inu ntchito yanu ndi simenti basi, ngakhale kukanda simutha."

Ndinasunthira kumanzere.

"Pamenepo," anatero. Anabweza mutu papilo, misozi ikutsikira m'makutu. "Pamenepo, mlamu. Musasiye."

Ndinakanda mpaka anagona.

Moni kwa onse ofunsa za ine.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana anu